Chomera cha Kuseri kwa Bafa

Ndinagwira mpini khasu lili m'mwamba.

"Siyani," ndinatero.

"Musiye ndinu," anatero mkazi wanga. "Chinthu ichi sichigonanso pano."

"Mukuchidziwa?"

"Ndikanachidziwa ndikanatenga khasu? Inuyo mukuchidziwa?"

Sindinkachidziwa.

Tinali titangosamuka. Chaka chimenecho madzi a Luangwa anafika mpaka pakhomo, khoma limodzi la nyumba yathu linagwa. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wangayo, amanyamula katundu wa alendo ku eyapoti ya Mfuwe. Ndiye anatipezera nyumba ya njerwa kumtunda, kufupi ndi msewu. Munkakhala anamwino ena ochokera kumigodi. Anawasamutsa pa ntchito ife tisanabwere. Sitinawaone nkhope. Anasiya misomali pakhoma, chidebe chobooka, ndi chinthu chimenechi kuseri kwa bafa.

Mtengo sichinali. Chinalibe masamba. Chinali chobiriwira, chonenepa ngati mkono wa mwana, cha mbali zitatu, chokhala ndi timinga tating'ono m'mphepete. Chinakwera mzati wa tsanya pogwira ndi timizu ngati miyendo ya bongololo. Pamwamba pa mzatiwo wina anakhomerapo tayala la njinga yamoto. Chomeracho chinatulukira pakati pa tayala n'kugwetsa mikono yake mbali zonse.

Tayalalo ndi limene linamuopsa mkazi wanga.

"Chitsamba cha kutchire amachiveka tayala?" anatero. "Mayi uja ankakhala yekha muno. Wakuba osalowa. Mukuganiza ankamulondera ndani? Anatsirika nyumba. Mwini wake wapita, chatsala chilibe wochiuza zochita."

"Mwina n'chomera chabe."

"Mwina. Adzukulu akabwera azisewera ndi mwina wanuyo?"

Amayi a chigwirizano a kutchalitchi kwathu anali atanena kuti adzabwera Lachinayi la sabata yotsatira kudzapempherera nyumba yatsopano. Mkazi wanga sankafuna kuti adzachione. Tinapangana titaimirira pomwepo, onse manja ali pampini. Ndipeze dzina lake lisanafike tsikulo. Ndikalephera, khasu.

Ine ndinabadwira m'chigwa muno. Mitengo ngati msikizi, mchenja, mvunguti, masawu, ndimaidziwa ndi khungwa lokha. Wa mankhwala a m'mimba ndimaudziwa, wosema bwato ndimaudziwa. Ndinkaganiza kuti zomera ndinazimaliza. Ndiye pa ukalamba uno n'kupeza chachilendo pakhomo panga. Mtima unkagunda ngati tsiku limene ndinakoka nsomba yanga yoyamba ya mcheni.

Panalinso china. Bwato ndinalisiya kumtsinje. Kumtunda kuno ndinkangodzuka, kukhala pakhonde, kuyang'ana magalimoto a alendo. Chomeracho chinandipatsa chodzukira.

Ndinayamba ndi zimene msodzi amadziwa.

Chinkafanana pang'ono ndi mitengo ya mtundu wa nkhadze, ija ya mkaka wochititsa khungu. Ndinadula kansonga ndi mpeni, nkhope nditatembenuza. Mkaka sunatuluke. Munali timadzi totelera ngati therere. Ndinapaka pamkono. Ndinadikira mpaka madzulo. Sipanayabwe, sipanatupe.

Mawa lake ndinachotsa minga n'kuponyera mbuzi ya anthu ena imene inkadutsa. Inanunkhiza. Inadya. Ndinaitsatira mpaka kumjigo, ine pambuyo, iyo patsogolo. Amayi otunga madzi anandifunsa ngati ndayamba ubusa. Mbuzi sinagwe. Inangondiyang'ana, ikufuna china.

Kenako nsomba. Makolo athu ankasinja mitengo ina n'kuthira m'thamanda, nsomba n'kuyandama mimba zili m'mwamba. Masiku ano n'zoletsedwa, koma muyeso wake sunama. Ndinapita kudambo ndi chidebe, ndinawola tinsomba tamoyo, ndinabwera nato kunyumba n'kutiika m'beseni. Ndinasinja chidutswa m'kamtondo n'kuthiramo. Ndinakhala pansi.

Mkazi wanga anatuluka ndi zovala m'manja.

"Beseni langa lochapira?"

"Onani. Zikusambira."

"Zisambire kumtsinje. Ndikufuna kuchapa."

"Mayi, onani kaye. Palibe ngakhale kamodzi kogona chagada."

Anasuzumira. Tinsomba tinkathamangitsana ngati palibe chachitika.

"Ndiye mwapeza dzina?"

"Ayi."

"Tinapangana dzina. Sitinapangane mbuzi ndi nsomba."

Ndinamanga chidutswa china pakeriyala ya njinga. Ndinayamba ndi asodzi anzanga cha ku Nkwali. Anachizungulira, palibe anachigwira. Wina anati n'cha kumapiri. Wina anati anachionapo pamanda, koma ameneyo chilichonse amati anachiona pamanda. Ndinapita kumsika. Ogulitsa masamba anandiuza kuti ndichichotse pafupi ndi tomato wawo. Ndinafika mpaka ku eyapoti kwa mlamu wanga. Ndinamupeza pamthunzi, akudikira ndege.

"Mwaswera bwanji, alamu? Mwayamba using'anga?"

"Ukuchidziwa ichi?"

Anachitembenuza ndi nsonga ya nsapato.

"Mchira wa ng'ona. Wamera."

"Ndikufunsa zenizeni."

"Alamu, mlongo wanga munamutenga ali wonenepa. Pano akuonda chifukwa mwapeza mkazi wachiwiri kuseri kwa bafa. Akuti mumamupatsa moni m'mawa uliwonse."

"Umanyamula zikwama za azungu tsiku ndi tsiku. Sunaphunzireko kanthu?"

"Zikwama sizilankhula."

Anzake anaseka. Ndinamanganso chidutswa changa n'kubwerera. Dzuwa linali loswa mutu. Koma panjira ndinkaimba. Ngati anthu onsewa sakuchidziwa, ndiye kuti ndili ndi chinthu chimene chigwa chonse chilibe.

Masiku amenewo ndinaona kachotupa pa mkono umodzi wa chomeracho. Poyamba kanali ngati nsawawa. Kenako ngati chala. Kenako kanatalika ngati chimanga chosasenda. Sindinauze munthu. Ndinkapita kubafa kawirikawiri. Mkazi wanga anandifunsa ngati m'mimba mwavuta.

Lachitatu ndinadzuka kum'mawa kukungoyera. Ndisanakhote pakona ya nyumba ndinamva fungo. Lokoma, lolemera, losadziwika. Ndinakhota.

Duwa. Lalikulu ngati mbale yodyera. Loyera mbee, m'kati mwake mwachikasu, tinthambo tambirimbiri ngati ndevu za chimanga. Njuchi zinali zitafika kale, zikulowa n'kutuluka zitasamba ufa wachikasu. Chinthu chonyansa chija, cha minga chija, n'kubereka chotere.

Ine sindikuwa. Ngakhale tsiku limene mvuu inagubuduza bwato langa sindinakuwe. Koma m'mawa umenewo ndinakuwa.

"Mayi! Mayi, bwerani!"

Anabwera akuthamanga, mtengo uli m'manja.

"Ili kuti?"

"Chiyani?"

"Njoka!"

"Si njoka. Onani!"

Anaima. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti lamukomera, chifukwa mtengo uja anautsitsa pang'onopang'ono. Koma dzuwa litangokwera, duwa linayamba kufota. Linaweramitsa mutu n'kutseka.

"Mwaona?" anatero. "Chimatsegula anthu ali m'tulo. Kukacha chimabisala. Ndi ndani amene amayenda choncho? Mawa ndi Lachinayi."

"Mwadzuka bwanji, anansi? Kwagwanji?"

Anali aphunzitsi a nyumba yoyandikana nafe, mayi wochokera kum'mwera kwa dziko, ali pampanda ndi mswachi m'manja. Kukuwa kwanga kunawadzutsa. Tinali tisanachezepo, kupatula moni. Ine sindizolowera kugogoda pa makomo a anthu a ntchito za boma.

Anaona duwa lofotalo n'kuomba m'manja.

"Chachita maluwa! Asisita, anamwino aja, akamva alira. Dikirani ndiwaimbire."

"Muli ndi nambala yawo?"

"Tinkadyera limodzi. Bwanji simunandifunse?"

Mkazi wanga anandiyang'ana. Ndinali nditapalasa njinga mpaka matako kutupa, yankho lili kuseri kwa mpanda.

Anaimba n'kukweza mawu a foni kuti tonse timve. Anamwino aja atamva, anakuwa kuposa ine.

"Zoona? Chachita duwa? Ine zaka zonse zija ndinkachithirira madzi otsukira mbale, chinkangondiyang'ana! Ndangochoka, chasekerera alendo! Chosayamika!"

"Dzina lake," ndinatero.

"Ndani ameneyo?"

"Ndi abambo amene alowa m'nyumba mwanu," anatero aphunzitsi. "Salankhula zambiri."

"Atate, chimenecho ndi pitaya. Ndi chipatso. Kwawo n'kutsidya kwa nyanja. Mnzanga wa ku Lusaka anandidulira kachidutswa, ndinabwera nako m'chikwama cha m'manja."

Pitaya. Ndinalitchula chamumtima kangapo kuti lisathawe.

Mkazi wanga anayandikira foni.

"Nanga tayala?"

"Tayala n'logonekapo mikono yake, amayi. Chimabereka pa mikono yolendewera. Njuchi zinabwera?"

"Zambiri," ndinatero.

"Ndiye dikirani mwezi ndi kanthu. Chikafiira bwino muthyole. Koma mukadzadya, musadzadabwe mukadza..."

Foni inaduka. Tokutaimu ya mufoni inali itatha.

"Pitaya," ndinamuuza mkazi wanga. "Dzina ndi limenelo. Khasu likapume."

"Dzina ndamva. Koma munthu wotsirika nyumba angavomere pa foni? Chibereke. Mudye nokha, ine ndikuona. Mukangomva ngakhale mutu, ndikuchidula tsiku lomwelo."

Ndinavomera.

Lachinayi amayi a chigwirizano anabwera ndi mayunifolomu awo. Anaimba, anapemphera m'chipinda chilichonse. Kuseri sanaone kanthu. Mkazi wanga anali atachapa mabulangete onse, ngakhale oyera, n'kuwayanika pachingwe kutsogolo kwa mzati.

Duwa linauma n'kugwa. Kumbuyo kwake kunatsala kampira kobiriwira. Ndinayamba ulonda.

Kuno chokoma chilichonse chili ndi eni ake ambiri. Apusi amabwera masana. Ndinatenga ukonde wanga wakale, ndinakuta chomera chonse, ndinamanga mfundo za msodzi. Apusi anabwera, anakhala padenga la bafa, anandiyang'ana, anapita. Njovu ndiye zinkandidetsa nkhawa. Ndinapempha oyilo wakuda kwa okonza njinga zamoto, ndinasinja tsabola wowawa uja, ndinapaka pa nsanza n'kumangirira pachingwe kuzungulira mzati, monga timachitira kumunda. Maso anandiwawa mpaka mawa lake.

M'mawa wina tinapeza mapazi a njovu pabwalo, aakulu ngati lichero. Zinadya mapapaya a aphunzitsi, mtengo womwe n'kuugwetsa. Ndinathamangira kuseri wopanda nsapato. Mapazi anafika pachingwe n'kukhota. Kampira kanga kanali pomwepo.

Ndinavina. Pang'ono chabe. Ndikuganiza kuti palibe anandiona.

Kanakula mpaka kudzaza dzanja. Kanamera mamba ngati a nsomba, koma otukuka, nsonga zobiriwira. Kenako kanayamba kusintha. Tsiku lina mbali imodzi. Mawa lake thupi lonse. Kufiira kwake sindinakuonepo pa chipatso chilichonse cha m'chigwa muno. Anthu opita kumjigo ankaima pamsewu. Mlamu wanga anabwera pa njinga kudzaona.

"Alamu, mkazi wachiwiri wabereka. Mwana tizimutcha ndani?"

"Usagwire."

"Mundigawireko."

"Unati ndi mchira wa ng'ona. Kadye ng'ona."

Ndinathyola Loweruka masana. Ndinakhala pakhonde, mbale pamiyendo. Mkazi wanga anaima pakhomo atapinda manja. Ndinadula pakati.

M'kati munali mofiira kuposa kunja. Mofiira modera, ngati chiwindi. Tinthanga takuda ngati chitowe ponseponse. Madzi ake anatsikira pampeni mpaka pachala.

"Magazi," anatero.

"Madzi."

Ndinatapa ndi supuni. Chofewa. Chozizira. Chotsekemera pang'ono, osati ngati mango, koma mofatsa, ngati vwende lakupsa bwino. Tinthanga tinkathetheka m'mano. Ndinatseka maso.

"Chikukoma?"

"Ee."

"Bwanji?"

"Chikukoma basi."

Ndinamaliza theka. Ndinapala mpaka khungu. Theka linalo ndinavundikira ndi mbale n'kuika pamwamba pa kabati, kuti Lamulungu ndikapatse aphunzitsi. Ndinapita kumsewu kukaongola miyendo. Milomo inali yofiira, sindinapukute. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza mawu amodzi. Pitaya.

Pobwerera ndinavundukula mbale. Munalibe kanthu.

"Nkhuku zinalowa," anatero mkazi wanga, akusesa pamalo posesa kale.

Nkhuku za kwathu sizibwezera mbale pamwamba. Sindinafunse.

M'mawa ndinapita kukataya madzi. Ndinayang'ana pansi. Ofiira.

Msodzi aliyense wa m'chigwa muno amachidziwa chizindikiro chimenecho. Likodzo. Ndinadwalapo ndili mnyamata, anzanga ambiri anadwala. Koma nthawi imeneyo kunkawawa ngati moto. Lero kunalibe ululu. Ndipo mumtsinje ndinali ndisanalowemo kuchokera pamene tinasamuka. Kudambo kokha, tsiku la tinsomba lija. Ndiye mwina likodzo la kudambo. Mwinanso mkazi wanga ankanena zoona, chinthucho chandigwira m'kati.

Ndinaima kuseri kwa bafa ndikuchiyang'ana. Pa mikono ina panali patatuluka tizotupa tatsopano tambiri. Ndikangonena, chomerachi sichifika madzulo.

Ndinazemba n'kupita kwa aphunzitsi.

"Ndikufuna asisita."

"Chavuta n'chiyani, bambo?"

"Za amuna."

Sanafunsenso. Anaimba n'kundipatsa foni. Ndinapita nayo kutsinde kwa papaya wogwa uja. Ndinafotokoza mwachidule. Kumbali inayo kunamveka kuseka. Kuseka kwambiri, mpaka kutsokomola.

"Atate, pepani! Ndi zimene ndinkafuna kukuuzani tsiku lija foni isanaduke. Si magazi. Ndi mtundu wa chipatsocho, umangodutsa. Kukuwawa?"

"Ayi."

"Mwatentha thupi?"

"Ayi."

"Imwani madzi ambiri. Zitha zokha. Zikapitirira mpaka mkucha, kapena mukamva kuwawa, pitani ku kiliniki akakuyezeni, popeza ndinu munthu wa kumtsinje. Koma ndiuzeni, chinakoma?"

"Chinakoma."

"Ine wobzala osalawa. Mudzanditumizireko pa basi."

Ndinabwezera foni. Pobwerera ndinadumpha ngalande imene masiku onse ndimaizungulira.

Kunyumba moto unali wosakoleza. Nthawi ya tchalitchi inali itayandikira, koma mkazi wanga anali atakhala pasitepe ya khonde, chitenje atafunda kumutu. Sanandiyang'ane.

"Bambo."

"Ee."

"Mundiperekeze ku kiliniki."

"Chavuta?"

Anayang'ana kumsewu, anayang'ana kumpanda. Anatsitsa mawu.

"Madzi anga sali bwino."

"Ofiira?"

Anadzutsa mutu.

"Mwadziwa bwanji?"

Ndinakhala pambali pake. Ndinayesetsa kuumitsa nkhope.

"Nkhuku zija nazonso tizitenge?"

"Nkhuku ziti?"

"Zovundukula mbale."

Anandimenya paphewa ndi patapata.

"Munthu ndikufa, inu mukuseka!"

"Simukufa. Inenso ndi chimodzimodzi. Asisita ati ndi mtundu chabe. Zitha zokha."

"Inunso? Ndiye munangokhala chete? Tinapangana chiyani?"

"Tinapangana mutu. Mutu sukuwawa."

Anandimenyanso, koma mopepuka. Anachotsa chitenje kumutu. Anapuma mpweya wautali, kenako anayamba kuseka, akubisa pakamwa ndi dzanja. M'zikhadabo zake munali mudakali mofiira.

"Ndinangofuna kulawa nsonga ya supuni," anatero. "Kuti ngati mukufa ndidziwe chakuphani."

"Chinakoma?"

"Shuga wake ndi wochepa."

"Koma munamaliza."

"Ndikanataya? Chakudya?"

Kutchalitchi tinafika mochedwa. Mawa lake madzi anayera, anga ndi ake omwe. Za khasu palibe anatchula. Inenso sindinafunse. Koma sananene kuti chikhale, ndiye mtima sunakhazikike kwenikweni. Mkazi wanga akanena chinthu saiwala.

Patapita masiku ndinkachokera kumsewu madzulo dzuwa lisanalowe. Ndili pakona ya nyumba ndinamva khasu. Kuseri kwa bafa. Likugunda pansi mwamphamvu.

Ndinathamanga.

Chomera changa chinali chilili, tizotupa take tonse tili pomwepo. Mkazi wanga anali chapatali pang'ono, akukumba dzenje. Pambali pake panagona mzati watsopano wa tsanya. Panalinso tayala lakutha la njinga yamoto, ndi chidutswa chija ndinayenda nacho pakeriyala. Ndinali nditachiponya pansi pa mpanda. Chinali chitatulutsa mizu yoyera.

Sanatembenuke.

"Chimodzi chingakwanire ndani?" anatero, akukumbabe. "Adzukulu akubwera. Aphunzitsi sanalawe. Achimwene akungondivutitsa, tayalali abweretsa okha. Amayi a chigwirizano nawonso amva."

Anatulutsa dothi ndi manja. Anayeza mzati m'dzenje, anautulutsa, anakumbanso. Kenako anaimika khasu n'kutsamira pampini, thukuta lili pamphumi.

"Mwaimiranji pamenepo? Nenani. Ndikudziwa muli nazo zonena. Nenani zithe."

Ndinayang'ana dzenje. Linali lakuya bwino. Ndinayang'ana khasu. Ndinatembenuka n'kumapita kukhonde.